Kalata kwa mnzanga amene akufuna kudzipangira motor glider

Okondedwa achimwene,

Kalata yanu ndailandira, ndipo ndakondwa kumva kuti inu, alamu ndi ana muli bwino kumeneko ku Wisconsin. Kuno ku Potchefstroom tili bwino ndithu. Ndiyankhe nkhani imene mwafunsa, yogula kit (zidutswa za ndege zoti munthu alumikize yekha) ya Xenos kuti mudzipangire motor glider, ndege ya mapiko aatali yotha kuyandama injini itazima, m'galaja mwanu, popeza ndaona kuti mtima wanu wapita kale kumeneko ndipo mukungofuna munthu wokuuzani zoona musanatulutse ndalama.

Simunasankhe molakwika. Xenos ndi ndege ya John Monnett, woyambitsa kampani ya Sonex, amene kalekale anapanganso ndege za Monerai ndi Moni, ndipo inauluka koyamba mu 2003 ku Oshkosh, m'chigawo chanu chomwecho, kumene kulinso likulu la EAA, bungwe la anthu odzipangira ndege limene Paul Poberezny anayambitsa mu 1953. Kuyandikana kumeneku musakuone mopepuka, chifukwa wopanga ndege amafunika munthu wodziwa woti abwere kudzasuzumira m'kati mwa phiko lisanatsekedwe, ndipo bungweli lili ndi alangizi amene amayendera anthu mwaulere pa ntchito imeneyi.

Koma chimene ndikufuna muchimvetse choyamba ndi mmene ndegeyi imaulukira injini ikazima. Mapiko ake ndi aatali pafupifupi mamita 14, ndipo opanga amati imapita mamita 24 kutsogolo pa mita imodzi iliyonse imene yatsika. Ndiye kuti mukazimitsa injini muli pamtunda wa mamita 1,000 kunja kuli bata, mufika makilomita 24 basi. Glider (ndege yopanda injini) yophunzirira ya ASK 21 imafika pafupifupi 34, pamene za mpikisano zimene a Jonker amapanga m'tauni yathu ino zimapitirira 50. Sinus ya kampani ya Pipistrel ya ku Slovenia, imene mwaitchulanso, imaposa Xenos pang'ono, chifukwa mapiko ake ndi a mamita 15 ndipo pulopela yake imatembenuka n'kupereka m'mphepete ku mphepo injini ikazima, koma mtengo wake ndi wina. Motor glider iliyonse imanyamula injini, mafuta ndi batire zimene pa nthawi yoyandama zimangokhala katundu, choncho tsiku limene mpweya wotentha ukukwera mofooka, anzanu a glider adzakhala akukwera inu mukutsika.

Nanga phindu lake lili pati? Lili pa ufulu wonyamuka nokha. Munthu wa glider amadikira ndege yomukoka kapena winchi (makina okoka ndi chingwe ali pansi), amafuna wina womugwirira phiko ponyamuka, ndipo akatera m'munda wa mwini amadikira anzake kuti abwere ndi ngolo kudzaphwasula ndege. Inu mudzanyamuka tsiku lililonse limene ntchito yakupatsani mpata, mudzakwera kufika pansi pa mtambo, n'kuchepetsa injini kuti izizire pang'onopang'ono, kenako n'kuizimitsa. Pamenepo pamatsala phokoso la mphepo ndi kulira kwa vario, kachipangizo kamene mawu ake amakwera ndege ikamakwera. Phiko limodzi likatukuka, mumakhotera mbali yomweyo n'kuyamba kuzungulira, monga mmene miimba inkachitira masana a mwezi wa Okutobala kumudzi kuja, osakupiza mapiko mpaka kusowa m'maso. Ngati chimenechi ndicho mukufuna, osati mpikisano wa maulendo ataliatali, Xenos ikukwanirani.

Za kapangidwe, ndimakonda kuti ndegeyi ndi ya aluminiyamu ndipo imalumikizidwa ndi marivet okoka, amene munthu mmodzi amatha kumanga popanda wina wogwirira kuseri. Kumalo kwanu kozizira choncho zimenezi ndi zofunika, chifukwa ndege za fiberglass zimafuna chipinda chofunda kuti guluu wake aume bwino, pamene chitsulo chilibe nazo ntchito nyengo. Komabe musaganize kuti ndi ntchito yongomangirira mabawuti. Chidutswa chilichonse mumachiika pamalo pake, mumaboola, mumachigwiritsa ndi tizomangira totchedwa cleco mpaka phiko lonse kuoneka lodzaza timinga, ndiyeno mumamasula zonse kuti musalaze bowo lililonse mbali zonse ziwiri musanamange rivet ndi imodzi yomwe. Ntchito yosalaza mabowoyi ndi imene imatopetsa anthu, koma kachitsulo kakang'ono kotsala m'mphepete mwa bowo ndi kamene kamayambitsa mng'alu patapita zaka. Injini ya AeroVee, yochokera ku injini ya Volkswagen ndipo ya mphamvu 80 horsepower, nayonso imabwera ili zidutswa kuti muimange nokha. Yezani galaja yanu musanagule, pakuti phiko limodzi lokha limaposa mamita 6, ndipo funsani za khomo la hangar, nyumba yosungiramo ndege, imene mudzasungemo ndegeyo, ngakhale kuti nsonga za mapiko a Xenos zimachotsedwa n'kutsala pafupifupi mamita 12.

Lamulo la ku America limafuna kuti gawo lalikulu la ntchito, loposa theka, mugwire nokha, choncho muzijambula zithunzi ndi kulemba m'buku zimene mwachita tsiku lililonse, chifukwa woyendera wa FAA, bungwe la boma loona za ndege, adzafuna kuziona. Akaivomereza, mudzayamba mwaiyesa nokha m'dera limene akupatsani musananyamule munthu aliyense.

Tsopano ndinene chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri. Injini ya motor glider imanyengerera mwini wake kuti atsike kwambiri akufunafuna mpweya wokwera, poganiza kuti akangodina batani zonse zikhala bwino. Koma injini imene yazima kwa ola lathunthu m'mwamba mozizira ikhoza kukana kulira, batire likhoza kufooka, ndipo munthu amene maso ake ali pa batani amaiwala kuyang'ana liwiro ndi malo otera. Alangizi abwino amaphunzitsa kuti muzisankhiratu muli pansi mtunda umene mudzalizire injini, ndipo muziyesa kuiliza muli kale pamwamba pa munda umene mungathe kuteramo itakana. Muziuluka nthawi zonse ngati kuti injiniyo palibe.

N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti musanalipire kit, mupite ku kalabu ya glider m'nyengo yotentha ikubwerayi, muphunzire pa ndege yopanda injini mpaka muzitha kutera pamalo amene mwaloza pogwiritsa ntchito mabuleki a pamapiko. Chilolezo chonyamuka ndi injini mudzawonjezera pambuyo pake, ndipo sichichedwa kwa munthu amene manja ake azolowera kale. Kumapeto kwa Julayi kumakhala msonkhano waukulu wa AirVenture ku Oshkosh. Pitani mukakhale m'kati mwa Xenos, muone ngati mapewa anu akukwanamo, ndipo mufunse amene anamaliza zawo kuti anatenga zaka zingati ndiponso kuti amazimitsa injini kangati pachaka.

Mukandilembera, mundiuze kutalika kwa galaja yanu ndi maganizo a alamu pa nkhaniyi, popeza galimoto yawo ndi imene idzagona panja m'chipale chofewa. Mundiperekere moni kwa onse kunyumba.

Ine mnzanu wa kalekale.