Usanatchere mankhwala a makoswe aja

Mwana wanga,

Ndamva kuti makoswe akusowetsani tulo ndipo wagula kale mankhwala. Sindikonda kulowerera za m'nyumba mwako, koma poti muli galu ndi mphaka, usatsegule paketiyo usanawerenge kalatayi.

Ukumukumbukira galu wathu wakuda uja? Unali wamng'ono, tinangokuuza kuti wadwala. Zoona zake n'zakuti ndine ndinaika nyambo kuseri kwa kabati. M'mawa ndinapeza pepala lake litatafunidwa, koma galuyo ankadya, ankathamanga, mchira uli pukupuku ngati masiku onse. Mumtima ndinati wapulumuka. Tsiku lachinayi anakana kudzuka. Nditakweza mlomo wake ndinaona nkhama zili mbee, akupuma mobanika. Pomwe timafika kwa dokotala wa ziweto n'kuti magazi atadzaza m'chifuwa. Mpaka lero zimandipweteka.

Dokotalayo ndiye anandifotokozera. Mankhwala ambiri a makoswe, monga warfarin, bromadiolone ndi brodifacoum, amalepheretsa thupi kugwiritsa ntchito vitamini K, amene amathandiza magazi kuundana. Thupi limayamba latha kaye zoundanitsa magazi zomwe linali nazo kale, n'chifukwa chake zizindikiro zimadzaoneka pakatha masiku 3 mpaka 5, magazi akuchucha m'kati mosaoneka. Kuchedwa kumeneku ndi kumene kunandipusitsa. Chowawa n'chakuti chotsitsira poizoniyu chilipo, vitamini K1, amene chiweto chimamwa kwa milungu 3 kapena 4. Ndikanapita naye tsiku lomwelo akanakhala moyo.

Mitundu ina ilibe n'chotsitsira chomwe. Bromethalin amatupitsa ubongo, cholecalciferol amaononga impso. Zinc phosphide akafika m'mimba amatulutsa mpweya wa poizoni, moti ngakhale masanzi a galuyo akhoza kukudwalitsa iweyo ukawapuma m'chipinda chotseka. Choncho ukangokayika kuti wadyako, nyamula chiwetocho pamodzi ndi paketi, upite kwa dokotala nthawi yomweyo, chifukwa dzina lolembedwa papaketipo ndi limene limamuuza chochita. M'maola awiri oyamba akhoza kumusanzitsa poizoniyo asanalowe m'magazi. Usayese kumusanzitsa wekha ndi mchere, mchere wambiri nawonso umapha. Mkaka sutsitsa kanthu.

Usanene kuti ubisa pamwamba. Nyambo amaipanga yokoma dala, galu amainunkhiza n'kuifukula, ndipo makoswe eniake amaikoka n'kukaisiya poyera. Khoswe amene wadya poizoni amayenda mwaulesi masana, ndiye amene mphaka wako angamugwire mosavuta n'kumudya.

Ine chiyambire tsiku lija ndimatchera misampha basi, m'malo amene chiweto sichifika. Mata maenje, sunga chakudya m'zotengera zotseka bwino, ndipo mbale ya galu isagone ndi zotsala. Paketi wagulayo ukaibweze ngati angalole. Akakana, itsekere m'kabati ya loko, kutali ndi adzukulu anga.

Undiyankhe kuti wachita bwanji.

Ine mayi ako