Kapenta alipo, bwanji tikuthamangira makapisozi?

A Mkonzi,

Zikumandiwawa kuona amayi anzanga kuno ku Harare akugula makapisozi a mafuta a nsomba ku famasi, odula chonchija, pomwe kapenta wa ku Kariba ali mbwee pa Mbare Musika. Mafuta amenewa, otchedwa omega-3, makamaka mtundu wake wa DHA, amathandiza ubongo ndi maso a mwana kukula, ndipo khanda limawapeza mu mkaka wa m'mawere mayi akamadya nsomba, ndiye woyamwitsa azidyako kapenta osati nsima ya repu tsiku ndi tsiku ayi. Mwana akakwana miyezi 6 sinjani kapenta wouma, musefe bwino chifukwa cha minga, muthire kasupuni m'phala, koma wamchere kwambiriyo mutsuke ndi kuumitsa kaye. Makapisozi osampatsa mwana musanafunse anesi kusikelo.

Mayi wodandaula,
Mbare