Chilengezo: Okushoni ya Zinthu Zakale Loweruka Likubwerali

Mamembala anzanga,

Ndikukudziwitsani kuti okushoni ya zinthu zakale ndi zojambula yomwe takhala tikuikonzekera ichitika Loweruka likubwerali, kuyambira 10 koloko m'mawa, pamalo athu a nthawi zonse. Lachisanu masana katundu yense adzayalidwa poyera. Chonde bwerani tsikulo mudzaone ndi maso anu, chifukwa nyundo ikangogunda chinthucho ndi chanu, palibe kubweza.

Chomwe chandisangalatsa kwambiri ndi sitampa imodzi ya Penny Black. Iyi ndi sitampa yoyamba yomata pa kalata, inatuluka ku Britain mu 1840, ndipo ili ndi nkhope ya Mfumukazi Victoria. Anasindikiza zoposa 68 miliyoni, choncho si yosowa monga ambiri amaganizira. Mtengo wake wagona m'mphepete mwake. Nthawi imeneyo ankazidula ndi sizasi, ndiye tengani galasi lokulitsira zinthu muone ngati mbali zonse zinayi zatsala ndi kampata koyera. Yathuyi mbali yakumanzere anaidula mothina pang'ono, zinazo zili bwino.

Palinso masupuni a siliva. Muwatembenuze, kuseri kwa chogwirira muyang'ane kachidindo ka mkango woyenda, chizindikiro cha siliva weniweni wa ku England.

Amene mukubweretsa ndalama zachitsulo zakale, ndikupempha ndi mtima wonse, musazikweche. Chaka chatha zinandiwawa kuona ndalama yokongola itatsika mtengo chifukwa mwini wake anafuna kuti iziwala.

Kumbukiraninso kuti pamwamba pa mtengo womwe nyundo yagundira pamakhala komishoni, ndalama yowonjezera yomwe wogula amalipira. Ofuna kupikisana nawo lembetsani kwa mlembi Lachinayi lisanathe.