Tiuzeni zimene mapulofesa athu apeza, mikanjo yawo taiona

Akonzi,

Ndiloleni nditulutse zakukhosi kudzera m'nyuzipepala yanu. Mphunzitsi wa ku yunivesite akakwezedwa kukhala pulofesa, kapena akalandira mphoto kunja, timaona chithunzi chake atavala mkanjo ndi chipewa, m'munsi mwake muli mizere iwiri ya mafuno abwino. Ntchito imene yamufikitsa pamenepo sitiuzidwa. Ambirife timangoti ndi chimwemwe cha iye ndi abale ake, pomwe ntchito ya anthu amenewa inalowa m'nyumba mwanga ine ndikuona.

Ndimakhala ku Ndirande. M'chaka cha 2018 kunabwera kafukufuku wa katemera wa tayifodi kuno ndi ku Zingwangwa. Ankamuyendetsa ndi akatswiri a Malawi-Liverpool-Wellcome, bungwe limene panthawiyo linkagwira ntchito limodzi ndi sukulu ya madokotala ya College of Medicine, ndipo mmodzi mwa otsogolera anali Pulofesa Melita Gordon. Ana oposa 28,000, a miyezi 9 mpaka zaka 12, analowa nawo. Mdzukulu wanga anali mmodzi mwa iwo.

Sindibisa, tinali ndi mantha. Panali patangotha miyezi yochepa chichitikireni chipwirikiti cha anamapopa cha 2017, chimene anthu ena anataya nacho miyoyo. Ndiye pabwere anthu akuti mwana akatentha thupi tizidzamutenga magazi? Mayi ake a mwanayo anakana kwamtuwagalu. Amene anatitembenuza mtima ndi namwino wina wachitsikana. Anakhala nafe pamkeka pakhonde, chikalata chachilolezo chili pamiyendo, n'kumatiwerengera ndime ndi ndime m'Chichewa. Anatiuza mosapsatira kuti theka la ana lilandira katemera wa tayifodi, theka lina wa matenda oumitsa khosi, ndipo ngakhale iye mwini sadzadziwa kuti mwana wathu walandira uti. Ndinamufunsa chifukwa chobisira. Anayankha kuti akadziwa, mtima ukhoza kumukondera powerenga ana odwala, zotsatira n'kukhala zabodza. Tsiku limenelo ndi pamene ndinamvetsa kuti kafukufuku n'chiyani, ngakhale ndinaphunzitsa ku pulayimale zaka zambiri.

Zotsatira zinatuluka mu 2021: mwa ana 10 alionse amene akanadwala tayifodi, katemerayu anateteza pafupifupi 8. Aka kanali koyamba mu Africa muno kuyesa mphamvu ya katemerayu mwa njira imeneyi. Pofika Meyi 2023 boma linayamba kumupereka kwa ana m'dziko lonse. Mwana wa ku Chitipa amene anabayidwa chaka chimenecho akudya thukuta la anthu amene ankayenda m'tinjira tamatope ta ku Ndirande. Kholo amene anagonerapo pabenchi m'chipatala, mwana atachitidwa opaleshoni chifukwa tayifodi yaboola matumbo, akudziwa kulemera kwa nkhaniyi.

Zoterezi sizinayambe lero. Mu 1989 madokotala a pa chipatala cha Gulupu, a Malcolm Molyneux, a Terrie Taylor, a Jack Wirima ndi anzawo, analemba za ana okomoka ndi malungo a mu ubongo. Njira yawo yopimira kukomoka kwa mwana, yoyang'ana maso, kulira ndi mmene akugwedezera thupi akamva kupweteka, imadziwika m'maiko ambiri ndi dzina la mzinda wathu, Blantyre Coma Score. Ndi angati mwa ife a ku Blantyre amene tikudziwa zimenezi? Ine ndinazimva nditakula kale, kwa mwana wa mlongo wanga amene ankaphunzira unamwino.

Chimene chikundipweteka kwambiri ndi cha anthu apansi. Pulofesa dzina lake limalembedwa, ndipo n'koyenera. Koma kumbuyo kwake kuli wa mu labotale amene amakhala ndi mabotolo a magazi mpaka usiku, dalaivala wothamanga nawo kuti asawonongeke ndi kutentha, wolemba manambala pakompyuta amene akaphonya kamodzi ntchito ya chaka chonse yasokonekera, ndi namwino uja wa pamkeka. Mutu umodzi susenza denga. Anthu amenewa mayunivesite amawadziwa, koma pa tsiku la mikanjo amakhala kumbuyo kwa tenti.

Chiyambireni 2021, pamene Yunivesite ya Malawi inagawidwa n'kubereka KUHeS ndi MUBAS, kuphatikizapo LUANAR, MUST ndi Mzuni zimene zinalipo kale, mayunivesite a boma alipo 6. Misonkho yathu imapita kumeneko. Ndithu ku Bunda kuli amene atha zaka akufufuza za nsomba za m'madamu ndi za mbewu, ku Zomba kuli amene akusunga ndi kusanthula zilankhulo zathu. Nkhani zawo zambiri zimathera m'magazini a Chingerezi chovuta amene mlimi sangawaone.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, ndi ili: kamodzi pamwezi tumizani mtolankhani kwa mmodzi mwa akatswiriwa. Akamufunse m'Chichewa kuti wapeza chiyani, anachipeza bwanji, ndipo anagwira ndi ndani. Akafunsenso wa mu labotale wake, ndipo chithunzi chake nayenso mutiikire.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito,
Ndirande, Blantyre