Ndime za m'Baibulo pa misonkhano ya ndale

Akonzi,

Ndiloleni ndinenepo za chizolowezi cha andale chotsegula Baibulo pa nsanja. Kampeni ikafika, mtsogoleri amayamba ndi kwaya, kenako amatchula Aroma 13:1 kuti ulamuliro uchokera kwa Mulungu, ndipo khamu limavomera "Ameni" lisanamve n'komwe za mtengo wa feteleza. Njirayi ndi yamphamvu chifukwa wofunsa funso amaoneka ngati akulimbana ndi Mulungu, osati ndi munthu wopempha voti. Otsutsa boma nawonso ali ndi ndime zawo: iwo ndi Mose, mnzawoyo ndi Farao, ndipo ife tikulonjezedwa Kenani.

Sindikunena kuti chikhulupiriro chichoke m'nkhani za dziko. Kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 Marichi 1992 inayankhula m'dzina la chikhulupiriro, koma inatchula zinthu zimene aliyense akanazitsimikiza yekha: malipiro ochepa, kuthinana m'masukulu ndi m'zipatala, komanso kutsekera anthu osawazenga mlandu. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera ndale za zipani zambiri.

Pempho langa ndi lakuti wandale akamaliza ndime yake, atolankhani anu azimufunsa komwe ndalama za lonjezo lakelo zichokere.

Wowerenga wanu,
ku Zomba