Kamwala Kaja Unandituma

Adelaide, Australia

Wokondedwa mdzukulu wanga, mwamuna wanga,

Uli bwanji kumeneko? Ine kuno ndili bwino, kungoti msana ukudandaula chifukwa ndakhala pampando wa galimoto masabata awiri. Azakhali ako, ankolo ndi asuweni ako awiri akupereka moni. Kalatayi ndatumiza pa foni ya bambo ako. Uyambe wayesa kuwerenga wekha, paja uli mu Sitandade 3 tsopano, mawu akakukanika ndiye uwaitane.

Ukukumbuka zimene unandituma ku Chileka ndisanakwere ndege? Unati, "Agogo, mukafika ku chimwala chofiira chija cha pa kalendala, mukanditolereko kamwala." Ine ndinavomera. Kuchimwalako, kumene dzina lake ndi Uluru, ndafikako ndithu, ndachikhudza ndi dzanja langali, koma kamwala kako sindinatenge. Usayambe kutupa masaya. Khala pansi ndikuuze bwinobwino.

Ankolo anabwereka kalavani. Ndi kanyumba ka mateyala kamene galimoto imakoka ngati ngolo. Kukula kwake sikuposa khitchini yathu ya kumudzi, koma mkati muli mabedi, ena osanjikizana, chitofu cha gasi, kafiriji, ndi thanki ya madzi kunsi kwake. Tinasanduka afulu, oyenda ndi nyumba yathu. Msuweni wako wamkulu, mtsikana uja wa zaka 6, analira kuti akwere m'kanyumbamo, koma lamulo la kuno sililola munthu kukhalamo kakuyenda. Tonse tinali m'galimoto, ana atamangidwa malamba m'timipando tawo.

Tsiku loyamba tinachoka ku Adelaide kupita ku Port Augusta, makilomita pafupifupi 300, ngati kuchoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe. Apa agogo ako ndinachita manyazi. Ndinali nditagula ufa kusitolo ya zakudya za ku Africa, chifukwa ndinakana kuyenda masabata awiri osadya nsima. Ufawo ndinaika m'kabati ya pamwamba koma osakhoma kachitseko kake. Titafika n'kutsegula, kalanga ine, mabedi mbuu, mapoto mbuu, nsapato mbuu! Msuweni wako wamng'ono, wa zaka 3, analowa mothamanga n'kutuluka ngati munthu wogwira ntchito kuchigayo. Ufa wotsala tinadya mosamala ngati m'mwezi wa Febuluwale.

Kuchoka pa Port Augusta pamayamba msewu wotchedwa Stuart Highway, umene umadula dzikoli pakati mpaka ku Darwin, makilomita oposa 2,700. Malawi wathu yense, kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, ungamuyale pamsewuwo pafupifupi katatu. Paja agogo ako ndinali mphunzitsi, ndiye manambalawa ndinkalemba m'kope.

Mwamuna wanga, msewu umenewu unandiopsa. Kwathu sungayende pang'ono osakumana ndi munthu: wa kabaza, amayi ogulitsa tomato, anyamata a mbewa pakandodo, mbuzi yodutsa mwamwano. Kuno tinayenda ola lathunthu, lachiwiri, osaona nyumba, munda, ngakhale utsi. Dothi lofiira ngati katondo, titchire tatifupitifupi, thambo, basi. Ine ndinkangofunsa kuti, "Kodi anthu ali kuti?" mpaka kamsuweni kako, kamene Chichewa chimakavuta, kanaloweza. Kakangodzuka kutulo kankayang'ana pawindo n'kunena, "Gogo, anthu ali kuti?"

Galimoto ina ikabwera kutsogolo, dalaivala wake ankangokweza chala chimodzi pachiwongolero, ankolo nawo chala chimodzi, moni watha. Moni wanji wosafunsa za ana ndi za kumudzi? Ine ndinkawabayibitsa ndi manja onse awiri. Koma ikabwera lole, manja ndinkagwira mpando. Malole a kuno amakoka ngolo zitatu, kutalika kwake mamita 53, theka la bwalo la mpira. Ikadutsa, mphepo yake inkagwedeza kanyumba kathu ngati dengu.

Tinaima pa nyanja ina yotchedwa Lake Hart. Ndi nyanja yopanda madzi, yangokhala mchere wokhawokha, yoyera mpaka kuthobwa m'maso. Kamsuweni kako kanayesa shuga, kanatapa n'kuika mkamwa. Nkhope imene kanachita ndidzakuonetsa pa foni. Patsogolo pake pali Glendambo, pamene chikwangwani chimati pamakhala anthu 30, nkhosa 22,500 ndi ntchentche 2,000,000. Amene anawerenga ntchentchezo ndamupatsa ulemu. Apa aliyense amathira mafuta, chifukwa makilomita 250 otsatira kulibe pothirira. Madzinso tinadzaza m'thanki ndi m'zigubu, ndipo kuyambira pamenepo mwana ankasamba madzi a m'ketulo imodzi. Ndinakukumbuka iwe, momwe umaseweretsera madzi pamjigo.

Ikamakwana 4 koloko masana tinkayamba kufuna pogona. Dzuwa likapendeka akangaru amatuluka kudzadya m'mbali mwa msewu, ndipo akaona magetsi a galimoto amalumphira kutsogolo kwake. Oyamba kuwaona anali akufa, ziwombankhanga zikuluzikulu zitatera pamwamba pake, ndipo msuweni wako wamkulu analira. Wamoyo tinamuona m'mawa mwake, chiimire ndi miyendo iwiri, akutiyang'ana. Ife timabereka mwana kumbuyo ndi chitenje, koma kangaru amaberekera kutsogolo, m'thumba lobadwa nalo. Kamwana kake kanali katangotulutsa mutu ndi mwendo umodzi. Tinaonanso emu, mbalame yofanana ndi nthiwatiwa, yosauluka. Yaikazi ikaikira mazira imachoka, yaimuna ndiyo imafungatira pafupifupi masabata 8, n'kulera anapiye yokha. Mawu amenewa uwawerengere bambo ako kawiri.

Tsopano mvera za Coober Pedy, tauni imene anthu ambiri amakhala pansi pa nthaka ngati mfuko. M'chaka cha 1915 mnyamata wina wa zaka 14 anatola kumeneko mwala wonyezimira wotchedwa opal, ndipo anthu anakhamukirako kukakumba. Poti m'miyezi ya Disembala ndi Januwale kumatentha kupitirira madigiri 40, anayamba kuboola nyumba zawo m'mapiri. Mkatimo simutentha, simuzizira, chaka chonse. Tinalowa m'tchalitchi cha pansi pa nthaka, ndipo nditaona kuti mulibe wina, ndinayamba nyimbo ya m'buku lathu la kumpingo. Mawu anamveka ngati tili kwaya yonse. Kunja kuli maenje a migodi ambirimbiri, ndi zikwangwani zochenjeza kuti usathamange ndipo usayende chafutambuyo. Kamsuweni kako ndinakabereka kumbuyo, azungu akundiyang'ana. Pali malo ena amene analoleza kuti aliyense afufuze m'milu ya dothi lotayidwa. Tinafukula ngati nkhuku mpaka madzulo, ndipo ine ndinapeza kamwala koyera, kokhala ndi kamzere kobiriwira kooneka ukakatembenuzira kudzuwa. Bambo wina wa kumeneko anaseka, akuti sikangagule ngakhale siwiti. Ndinakamanga pansonga ya chitenje. Kasunge m'mutu kamwala kameneka.

Patapita masiku awiri tinapatuka pa Erldunda kulowera kumadzulo. Tili m'njira tinaona phiri lalikulu la pamwamba pathyathyathya, ine n'kululuta, ana n'kuwomba m'manja. Ankolo anangoseka. Linali phiri lina, Mount Conner, limene limapusitsa alendo ambiri. Nthungululu yanga inapita pachabe.

Uluru weniweni tinamuona chamadzulo. Ndi mwala umodzi, wotalika mamita 348, ndipo kuzungulira tsinde lake ndi makilomita oposa 9. Mulanje wathu ndi wamtali kwambiri kuposa pamenepo, Sapitwa paja ndi mamita 3,002, koma Mulanje ali ndi anzake, ali ndi mitengo ndi minda ya tiyi. Uyu wangokhala yekha pachigwa, ngati ng'ombe yofiira yagona. Dzuwa likamalowa amasintha: poyamba ngati njerwa yowotcha, kenako ngati khala la moto, kenako bii. Anthu onse amene tinali nawo anakhala chete, ngakhale kamsuweni kako.

M'mawa mwake tinayenda m'tsinde mwake ndi woyang'anira malowo, ndipo ndi pamene funso langa lija linayankhidwa. Anthu alipo, mwamuna wanga. Eni dziko limeneli ndi Anangu, ndipo akhala kumeneko zaka masauzande ambirimbiri azungu asanabwere. Zilankhulo zawo ndi Pitjantjatjara ndi Yankunytjatjara. Lilime langa linapindika, koma liwu limodzi ndinaligwira: "palya", limene ndi moni komanso kunena kuti zili bwino. Tchire lija ine ndinkaliona ngati lopanda kanthu, iwo amalidziwa ngati momwe iwe umadziwira njira ya kudimba. Amadziwa pobisala madzi, chitsamba chobala zipatso, ndi mizu yokhala ndi mphutsi zonona zimene amawotcha paphulusa. Atatchula mphutsizo alendo ena anakwinya nkhope. Ine ndinameza malovu, ndinakumbuka mphalabungu.

Pansi pa mwalawo pali dziwe lotchedwa Mutitjulu, pamthunzi, pozizira, mbalame zikumwa. Pafupi pake pali phanga lojambulidwa zithunzi, ngati za ku Chongoni ku Dedza zija munaphunzira kusukulu. Akuluakulu ankaphunzitsira ana pamenepo, khoma la phanga ndilo linali bolodi lawo. Malo ena m'mbali mwa mwalawo saloleza kujambula, chifukwa nkhani zake si za aliyense, zina ndi za amuna okha, zina za akazi okha. Azakhali ako anayamba kundimasulira, ine ndinati asavutike, za kudambwe ndi za kutsimba sitiulula pamsika.

Anangu analandidwa dziko limeneli, ndipo boma linawabwezera mwalawu pa 26 Okutobala 1985. Komabe alendo anapitiriza kukwera pamwamba pake, eni ake akupempha kuti asatero, mpaka m'chaka cha 2019 pamene kukwerako kunaletsedwa. Mpaka lero pakuoneka mzere wotuwa pamene mapazi a anthu anapala mwalawo, ngati chipsera.

Ndiye ndikuuze zoona. Pobwerera ku galimoto ndinaona kamwala kofiira, kosalala, kokwana bwinobwino m'dzanja lako. Ndinawerama n'kukatola. Msuweni wako wamkulu anandigwira chitenje n'kunong'ona kuti, "Gogo, si kathu." Tinali titangochoka kunyumba yofotokozera za chikhalidwe chawo, kumene tinaona makalata a anthu a m'mayiko akutali amene anatenga miyala, kenako n'kuibweza pa positi ndi mawu opepesa. Ndinaima ndi kamwalako m'manja. Ndinaganiza za kumanda kwathu, kumene agogo ako aamuna agona. Nkhuni zouma zili mbwee, koma kodi unaonapo munthu akutola ngakhale kamodzi? Nanga mlendo atatola n'kuika m'chikwama kuti akaonetse ana ake, ife tingamve bwanji? Ndinakabwezera pomwe ndinakapeza, n'kuwomba m'manja pang'ono monga timachitira kwathu. Mwana wa zaka 6 kulangiza mphunzitsi wopuma! Usakauze anzako.

Tinapitirira mpaka ku Alice Springs. Kumeneko kuli sukulu imene inayamba mu 1951, ya ana okhala m'mafamu a ng'ombe akutali kwambiri. Kale ankaphunzira pa wailesi, mphunzitsi ali m'tauni, mwana ali kwawo, lero ndi pa intaneti. Ndikudziwa ukusirira, koma dziwa kuti alibe anzawo osewera nawo mpira pa buleki. Mtsinje wa m'tauniyo, Todd, nthawi zambiri umakhala mchenga wokhawokha, ndiye anthu amachita mpikisano wa mabwato opanda pansi, atawanyamula m'chiuno n'kumathamanga ndi miyendo. Mu 1993 mpikisanowo unalephereka chifukwa mumtsinje munabwera madzi. M'mbali mwake muli mitengo ya bulugamu. Ndinathothola tsamba, kulifikisa n'kununkhiza, fungo lomwe lija la pofukiza chimfine. Kani bulugamu wa kuseri kwa nyumba yathu kwawo ndi kuno, kwathu ndi mlendo ngati ine kuno.

Usiku wa Julaye kuchipululu kumazizira kuposa chiperoni, m'mawa wina tinapeza madzi a m'beseni ataundana pamwamba. Koma nyenyezi zake! Tinkakhala panja titafunda mabulangete, ndipo ndinazizindikira, ndi zomwe zija timaona pabwalo pathu. Eni dziko kuno amaona emu kuthambo, koma osati m'nyenyezi zowala, amamuona m'malo akuda a pakati pa mlalang'amba. Ndikukutuma ntchito. Usiku wopanda mwezi, mukangotha kudya, utuluke ndi bambo ako, muzimitse tochi, muyang'ane kummwera. Upeze nyenyezi zinayi zooneka ngati mtanda. Pambali pake pali kadontho kakuda, umenewo ndi mutu. Utsatire mdimawo, upeza khosi lalitali, kenako thupi. Ukamuona undiuze. Kungoti iwe ukamayang'ana ine ndidzakhala ndili mtulo, chifukwa kuno tili patsogolo ndi maola 7 ndi theka.

Ndibwera mvula isanagwe. Kamwala ka ku Coober Pedy kaja ndi kako, kakadali pansonga ya chitenje. Ndakuguliranso chipewa chokhala ndi ukonde wotchinga ntchentche kumaso, ukachivale popita kukhola. Nkhuku yanga ya mawanga ija ikaswa, anapiye uziwatsekera m'chitatanga kuopa kabawi, ndidzawerenga. Upereke moni kwa amayi ako, bambo ako ndi mlongo wako. Asuweni ako akuti uwajambulire Mulanje ndi makrayoni, bambo ako atumize pa foni.

Ndine mkazi wako wokalamba,
Agogo ako