Ndikufuna kulowa seminale, koma mbumba ndiisiyire yani?

Okondedwa Alangizi,

Ndine mnyamata wa zaka 27, Mkatolika, kwathu ndi ku Katete koma ndimakhala ku Chawama muno mu Lusaka, ndipo ndimagwira ntchito yolemba katundu m'sitolo ina ya zipangizo zomangira ku Kamwala. Ndakulemberani chifukwa mtima wanga wakhala ukundikokera ku unsembe kwa zaka zambiri, koma pakhomo pathu mwana wamwamuna ndine ndekha, ndipo chimwalirireni bambo, amayi ndi alongo anga awiri amadalira ine.

Maganizo amenewa sanabwere chifukwa cha mkanjo kapena ulemu umene ansembe amalandira. Ndatumikira Misa kuyambira ndili mwana, kotero ndikudziwa kutopa kwawo. Chimene chinandigwira mtima ndi usiku wina wa mvula pamene ndinaperekeza bambo mfumu kukadzoza gogo wina wodwala m'komboni. Nyumba inali ya chipinda chimodzi, denga likudontha m'beseni, ndipo wansembeyo anagwada pa simenti yonyowa, nagwira dzanja la gogoyo mpaka mantha anamuchoka. Kuyambira pamenepo ntchito ina iliyonse imandionekera ngati yongodikirira.

Ndinakacheza ndi wansembe woona za maitanidwe ndipo sanandibisire kanthu. Kupatula satifiketi ya Grade 12 yokhoza bwino, makalata a ubatizo ndi ulimbitso, kalata ya bambo mfumu ndi kupimidwa kuchipatala, anandiuza kuti munthu amayamba ndi chaka cha moyo wauzimu ku nyumba yokonzekeretsa ofuna unsembe ya Emmaus, kenako amaphunzira filosofi ku seminale ya St Augustine ku Mpima, pafupi ndi Kabwe, asanabwerere muno mu Lusaka kukaphunzira za umulungu ku St Dominic ku Woodlands. Malamulo a Mpingo amafuna zaka 6 za maphunziro awiriwa, ndipo mukaonjezera chaka choyamba chija ndi nthawi yothandiza m'parishi, ndiye kuti ine ndidzadzozedwa, ngati Ambuye Arkiepiskopi adzandivomereze, ndili pafupi ndi zaka 35. Nthawi yonseyi palibe malipiro, ndiponso palibe amene amalonjezedwa kuti adzafika kumapeto.

Apa ndi pamene pali vuto langa. N'zoona kuti kuyambira mu 2022 boma linachotsa fizi m'sukulu zake mpaka Grade 12, motero mlongo wanga wamng'ono safuna zambiri, koma wamkulu ali ku koleji ya unamwino kumene ndalama zimafunika temu iliyonse, ndipo lendi ya nyumba ndimalipira ndine. Amayi amapikula tomato ndi kapenta ku msika wa Soweto n'kumagulitsa pa tebulo pakhomo, koma phindu lake limathera pa makala ndi ndiwo. Amalume atamva nkhaniyi anandiitana n'kundiuza kuti mwa mwambo wathu ine ndine mwini mbumba, ndipo mawa alongo angawa akadzakwatiwa, kapena ana awo akadzapalamula, nkhoswe yokakhala pa mphasa ndine. Anafunsa kuti kodi Mulungu amene anatilamula kulemekeza makolo ndi yemweyo angandiuze kuti ndimutaye mayi wamasiye? Amayi okha sanandiletse. Anangoti, "Ine sindingalimbane ndi Mulungu, mwanawe," n'kupitiriza kusankha nyemba m'lichero, ndipo kukhala chete kwawoko kwandipweteka kuposa mawu onse a amalume.

Anzanga a mu mphakati amandilimbikitsa ndi nkhani ya Yakobo ndi Yohane amene anasiya atate awo Zebedayo m'ngalawa natsata Yesu. Koma ine ndikamawerenga ndimaona kuti Zebedayo anatsala ndi antchito, pamene amayi anga alibe wina. Kunena zoona, ena mwa ondilimbikitsawa amaganiza kuti banja lokhala ndi wansembe latuluka mu umphawi, maganizo amene ine ndimadana nawo, chifukwa chopereka cha akhristu si ndalama ya fizi ya abale.

Ndinauzidwanso kuti wansembe wa dayosizi amalonjeza kusakwatira ndi kumvera episkopi, koma sachita lumbiro la umphawi monga amachitira a m'zipani za mu Mpingo ngati Ajezuwiti, kotero kangachepe kamene angalandire angathe kuthandizirako makolo. Ine ndikuopa kusankha njira ya dayosizi pongofuna mpata umenewo, chifukwa maitanidwe sayenera kuyezedwa ndi thumba.

Choncho ndithandizeni pa zinthu izi. Kodi ndidikire zaka ziwiri kuti mlongo wanga amalize maphunziro ndi kupeza ntchito, ngakhale zaka zanga zikupita ndipo mwina mtimawu ungazizire, kapena ndipereke kalata yanga chaka chino? Nanga munthu amasiyanitsa bwanji kuitanidwa kwenikweni ndi kungofuna kuthawa katundu amene ndinasenza ndili wamng'ono? Funso limeneli limandisowetsa tulo, pakuti masiku ena lendi ikandipanikiza, seminale imandionekera ngati malo opumulirako. Ndikupemphanso nzeru za m'mene ndingalankhulire ndi amalume mwaulemu, popeza sindikufuna kuchoka pakhomo popanda dalitso lawo.

Ine wanu wothedwa nzeru,
Mnyamata wa ku Chawama, Lusaka